Mutu 9: Kugulitsa Geni Pamodzi ndi Makasitomala Ake

Basi ikangoima pa Lizulu, mawindo ake amadzaza ndi mabeseni. Uyu wakweza karoti wotsukidwa mpaka kunyezimira, uyo anyezi womanga m'mitolo, winayo tomato woyala mwaluso, wamkuluwamkulu pamwamba. Kumbuyo kwawo anyamata akulimbana ndi matumba a mbatatesi odzaza mopitirira mlomo, osokerera ndi chingwe kuti zisatayike. Kuno ndi kumtunda, pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi boma la Ntcheu, kumene chisanu cha mu June chimalowa mpaka m'mafupa koma mbewu za kudimba zimakondwa nacho. Msewu womwewu ndiwo malire a dziko. Ukawoloka phula waponda Mozambique, chigawo cha Tete, ndipo katundu wambiri amene ali pamsikawu walimidwa tsidya limenelo, m'maboma a Angónia ndi Tsangano.

Dzina la Lizulu linakwera basi kalekale. Mumzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, muli msika wa ndiwo zamasamba ndi zipatso umene anthu amautcha Lizulu, moyang'anizana ndi msika wa kaunjika wa Tsoka, ndipo pakati pa misika iwiriyi pali timilatho tamitengo tolipira powoloka. Mayi wa mumzindamo akati akupita ku Lizulu kukagula kabichi sakunena za ku Ntcheu ayi, komabe dzinalo likumulonjeza kanthu: kuti akapeza zatsopano, zongochoka kumene kumunda. Dzina silikwezedwa pa sikelo, silisokedwa m'thumba, koma limakoka ogula tsiku ndi tsiku. Mutu uno ukukamba za chuma chamtundu umenewu, ndi zimene zimachitika mwini wake akafuna kuchigulitsa.

Azakhali anga anachita geni ya mbatatesi zaka zoposa 15. Ankapikula pa Lizulu, kukweza pa lole madzulo, kugona pamwamba pa matumba atafunda chitenje ndi bulangete, n'kukatsitsa ku Lilongwe tambala asanalire kachiwiri. Kumeneko ankagawira anyamata a chipisi, aliyense pa chiwaya chake. Anali ndi kope la ana a sukulu, lothimbirira ndi dothi lofiira, ndipo tsamba lililonse linali la munthu mmodzi. Mayina enieni sankalemba. Ankangoti Wapachigayo, Wachipewa, Wapadepoti, ndipo m'munsi mwake matumba amene watenga, ndalama imene wapereka ndi yotsala. Ankadziwa amene amafuna Rosita, amene amafuna Violet, amene amalipira Lolemba atatolera za kumapeto kwa sabata, ndi amene ukamupatsa matumba awiri pangongole udzamufuna ndi nyali.

Miyendo itayamba kuvuta anasiya. Anagulitsa sikelo, lona ndi wilibala, basi. Anyamata a chipisi aja anaimba foni milungu iwiri kapena itatu, kufunsa kuti mayi mukubwera liti, kenako analeka chifukwa chiwaya sichidikira munthu. Wina anawatola mmodzimmodzi osalipirapo ngakhale tambala. Kope lija linatha ndi ana, kukolezera moto. Nkhaniyi imandipweteka mpaka lero, chifukwa chinthu chamtengo wapatali pa geni yonseyo sichinali sikelo. Chinali anthu oposa 20 amene ankadzuka m'mawa ali ndi chikhulupiriro choti azakhali afika, ndipo chimenechi ndicho chinapita chaulere.

Otsuka mawindo a ku Britain

Pa Lizulu palibe amene angalipe munthu kuti azimutsukira mawindo. Imeneyo ndi ntchito ya ana Loweruka m'mawa, ndi kansalu ndi nyuzipepala yakale. M'mizinda yathu, mawindo a mabanki ndi maofesi akuluakulu amatsukidwa ndi makampani amene amachita kupikisana kuti apatsidwe ntchitoyo. Koma ku Britain kutsuka mawindo a nyumba za anthu ndi geni ya munthu payekha, ndipo ndi yakalekale. Wotsuka amakhala ndi mndandanda wa nyumba zimene amaziyendera, ina pakatha milungu inayi, ina isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Kale ankayenda ndi makwerero ndi ndowa. Masiku ano ambiri amaima pansi n'kumatsuka ndi ndodo yaitali yotulutsa madzi osefedwa, makamaka chikhazikitsireni malamulo a chaka cha 2005 okhudza kugwira ntchito pamalo okwera.

Chotiphunzitsa ife ndi ichi: wotsuka mawindo uja akakalamba, akadwala msana kapena akafuna kusamuka, sangotaya ndowa n'kumapita. Amalengeza kuti akugulitsa ulendo wake wonse wa nyumba ndi nyumba. Wogula amapatsidwa mndandanda: nyumba ili pati, imalipira zingati, imatsukidwa liti, geti lake amatsegula bwanji, pali galu kapena palibe. Mtengo amauwerengera pa ndalama imene ulendowo umalowetsa pamwezi, n'kuichulukitsa kangapo malinga ndi mmene agwirizanirana. Nyumba zoyandikana, zolipira msanga, zimene zakhala pamndandanda zaka zambiri zimakweza mtengo. Zotalikirana ndi zovuta kulipira zimautsitsa. Eni nyumbawo kawirikawiri sanasainirane kalikonse ndi wotsukayo, ndipo ali ndi ufulu wouza watsopanoyo kuti asabwerenso. Ngakhale zili choncho, anthu amagula, ndipo amatulutsa ndalama zenizeni.

Kope la azakhali ndi mndandanda wa wotsuka mawindo n'chinthu chimodzi. N'chimodzimodzinso ndi mayi woperekera mandasi m'matiyirumu, mnyamata wa kabaza amene makolo anamudalira kuti azinyamula ana awo kupita kusukulu, wotunga madzi m'malesitilanti, ndi bambo woyenda ndi mkaka panjinga khomo ndi khomo. Onsewa ali ndi anthu owadikira pa tsiku lodziwika.

Azungu a zamalamulo chinthuchi amachitcha goodwill, ndipo makhoti awo analimbana nacho kalekale. M'chaka cha 1810, pa mlandu wa Cruttwell ndi Lye, bizinesi yonyamula katundu pa ngolo zopita ku London inagulitsidwa mwini wake atagwa ndi ngongole, ndiye pambuyo pake mwini wakaleyo anayambanso kunyamula katundu panjira yomweyo. Woweruza, Lord Eldon, anafotokoza kuti chimene wogula analipira sichina koma chiyembekezo chakuti makasitomala akale apitiriza kubwera pamalo akale, ndipo sanamuletse mwini wakale uja kuchita malonda ake. M'chaka cha 1895 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain panthawiyo, House of Lords, linawonjezerapo pa mlandu wa Trego ndi Hunt. Apa munthu wina ankakopera mayina a makasitomala m'mabuku a kampani yopanga vanishi kuti adzawanyengerere akadzayamba yakeyake. Khoti linagamula kuti amene wapereka makasitomala kwa mnzake akhoza kutsegula geni yofanana, koma asapite kukagogoda kwa makasitomala omwewo kuti abwerere kwa iye. Milandu imeneyi si yachilendo kwa ife, pakuti lamulo la chaka cha 1902 linabweretsa m'dziko muno malamulo a ku England monga analili pa 11 August chaka chimenecho, ndipo makhoti athu amaimabe pa maziko amenewo pa nkhani zambiri za malonda ndi mapangano.

Anthu si mbuzi

Pali amene amanyansidwa ndi mawu akuti kugulitsa makasitomala, ndipo ine ndimawamvetsa. Munthu si mbuzi yoti uimange chingwe n'kupatsa wina. Mnyamata wa chipisi amene wadya nawe zowawa zaka khumi, amene unapita kumaliro a mayi ake, sungamuike pamtengo. Koma tikayang'anitsitsa, chimene chikugulitsidwa si munthuyo. Wogulitsa akugulitsa zinthu zimene zili m'manja mwake: nzeru zonse za m'kope, mawu ake omuyimira wogula pamaso pa makasitomala, ndi lonjezo lakuti iye wachoka panjira. Kasitomala amatsala ndi ufulu wake wonse. Akakhutira akhala, akapanda kukhutira apita. N'chifukwa chake malonda amenewa ndi ovuta kuposa kugulitsa njinga, ndipo wogula amene walipira ndalama yonse tsiku loyamba waika khosi lake pampeni.

Ndiye mtengo tiupeza bwanji? Choyamba, zogwirika ziikidwe pa mulu wakewake: sikelo, malona, matumba, wilibala, njinga. Izi mtengo wake aliyense pamsika amaudziwa, ndipo sizichedwetsa anthu. Makasitomala ndiwo ofunika kukhalira pansi.

Wogula asafunse kuti mumagulitsa matumba angati. Afunse kuti mukachotsa zonse mumatsala ndi zingati. Pa thumba lililonse pali ndalama yopikulira, ya anyamata okweza ndi otsitsa, ya lole, ya tikiti ya pamsika, ya mayunitsi, ya chakudya cha panjira, ndiponso mbatatesi zowola ndi zobiriwira zimene wachipisi amabweza. Geni imene imaoneka yaikulu poyang'ana matumba ikhoza kukhala yopyapyala ngati tsamba ukayang'ana chotsala. Komanso asaone mwezi umodzi wokha. Mbatatesi zili ndi nyengo: pamene za mvula zakololedwa zimachuluka ndipo mtengo umagwa, pamene zasowa mtengo umakwera mpaka achipisi ena amayamba asiya kaye kapena kutembenukira ku chinangwa ndi mbatata ya kholowa. Wogulitsa aliyense amafuna kukuonetsa mwezi wonona. Iwe pempha chaka chathunthu. Ngati kope likukayikitsa, mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba amene ali m'foni amathandiza, chifukwa amasonyeza tsiku, ndalama ndi amene anatumiza.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi achipisi 20, ndipo chaka chonse chikagawidwa mofanana amatsala ndi K500,000 pamwezi. Agwirizana ndi wogula kuti mtengo wa makasitomala ukhale phindu la miyezi itatu, ndiye kuti K1,500,000. Njira yachilungamo ndi yakuti wogula apereke K500,000 poyamba, ndipo yotsalayo idzaperekedwe pakatha miyezi ingapo molingana ndi amene akhalabe. Akakhala onse, mayiyo alandira K1,000,000 yonse. Akatsala 15, alandira K750,000. Kuwerengera matumba n'kwabwino koposa kuwerenga mitu ya anthu, popeza kasitomala mmodzi wa lesitilanti akhoza kumatenga katundu wofanana ndi wa ziwaya zisanu, ndipo akachoka yekhayo geni yapendekeka. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti wogulitsa amakhalabe ndi chifukwa chothandizira kuti anthu asabalalike. Ndalama yake ili mwa iwo.

Koma nayenso wogulitsa ali ndi mantha ake, ndipo ndi omveka. Kwacha simadikira. Mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali kudikira ngongole yake miyezi imeneyo analandira ndalama yofanana pa chiwerengero koma yogula zochepa. Anthu a pamsika ali nayo kale nzeru yothana ndi zimenezi: kuwerengera m'katundu. M'malo molemba kuti yotsala ndi K1,000,000, alembe kuti yotsala ndi mtengo wa matumba akutiakuti a mbatatesi pa Lizulu pa tsiku lolipira. Akatero palibe amene akudyera mnzake masuku pamutu, kaya mitengo yakwera kaya yatsika.

Kuyenda limodzi

Gawo limene anthu amalipeputsa ndi limene lili mtima wa malonda onsewa. Otsuka mawindo aku Britain amatenga wogula n'kuyenda naye nyumba ndi nyumba, kapena kulembera eni nyumba kalata yomudziwitsa. Kwathu kuno kalata siingagwire ntchito imeneyi. Pafunika nkhope. Mayi uja akwere lole limodzi ndi womulowa m'malo, osati ulendo umodzi koma maulendo anayi kapena asanu, afike naye pa chiwaya chilichonse, apereke moni, afunse za kunyumba, kenako anene mawu ake.

"Mwanangu, ine miyendo yakana. Awa ndi achemwali anga, ndiwo azikubweretserani katundu kuyambira mwezi wamawa. Mmene tinkachitira ndi momwemo. Chikavuta mundiimbire ine."

"Nanga mayi, zolipira Lolemba zija zipitirira?"

"Zipitirira. Ndawauza kale kuti inu simuthawa ndi ndalama ya munthu."

Mawu omalizawo ndiwo katundu weniweni amene wagulidwa. Mnyamata wa chipisi saopa nkhope yatsopano chabe. Akuopa kuti watsopanoyo adzafuna ndalama yonse pompopompo, adzaika zazing'onozing'ono pansi pa thumba n'kuphimba ndi zikuluzikulu, kapena adzasowa tsiku limene kuli mpira ndipo anthu ali pamzere. Wogula naye akuopa kupereka matumba pangongole kwa munthu amene sakudziwa kumene amagona. Wogulitsa ndiye mlatho pakati pa mantha awiriwa. Ndipo wogula adziletse miyezi yoyambirira: asakweze mtengo sabata yomweyo, asasinthe tsiku lobweretsa katundu, asachotse basela amene anthu anazolowera. Zosintha zidzabwera akadzayamba kumutchula ndi dzina lakelake.

Geni ya pa Lizulu ili ndi mbali ina imene wotsuka mawindo alibe. Iye madzi amatunga pampopi, koma wa mbatatesi ali ndi alimi. Pali mlimi amene amamusungira matumba abwino ngakhale ena atabwera ndi mtengo wokwererapo, chifukwa chaka china anamukongoza ndalama ya feteleza kapena ya mankhwala opopera chiwawu chitagwa m'munda. Pali woyendetsa lole amene amamudikira ngakhale atachedwa. Pali anyamata okweza amene amadziwa kuti katundu wa mayi awa saponyedwa. Ambiri mwa alimiwa ali tsidya lina la msewu. Chinenero n'chimodzi, maukwati ndi maliro n'zoyenderana, ndipo pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ambirimbiri a tsidyalo anakhala m'midzi ya m'mbali mwa msewu womwewu. Koma dziko ndi lina, ndalama yake ndi metical, ndipo samani ya khoti la ku Ntcheu siwoloka phula mosavuta. Kumeneko chimene chimagwira ntchito ndi kudziwana basi. Choncho ulendo wodziwitsa uja uyambire kumunda, usanafike kutauni. Wogula amene walandira achipisi 20 koma alibe mlimi womusungira katundu pa nyengo yosowa wagula nyumba yopanda denga.

Za ngongole tisachulutse mawu, koma zisasiyidwe m'malere. M'kope muli ndalama zimene makasitomala sanalipire, ndipo mwina mulinso zimene mwini geni sanapereke kwa alimi kapena ku banki m'khonde. Zitchulidwe zonse, dzina ndi ndalama yake, ndipo zidziwike kuti atolera ndani, abweza ndani. Chabwino n'chakuti wogulitsa atolere yekha zake pa maulendo odziwitsa aja. Munthu watsopano akayamba ndi kulonjerera ngongole zakale, chibwenzi chimatha chisanayambe.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amagulitsana pamene si zawo kwenikweni. Choyamba ndi malo a pamsika. Misika ya m'maboma ili m'manja mwa makhonsolo potsata lamulo la maboma aang'ono la chaka cha 1998, ndipo wa Lizulu uli pansi pa khonsolo ya Ntcheu. Munthu akhoza kukhala pa benchi imodzi zaka 20, kulipira tikiti tsiku lililonse, koma nthaka ya pansi pa benchiyo si yake. Matabwa ndi malata akhoza kugulitsa, koma zoti wina alowe pamalopo zidutse kwa akuluakulu a msika ndi a komiti, poyera. Ambiri analira atapereka ndalama ya malo kumbali, n'kudzauzidwa kuti mwini wake sankadziwika n'komwe kuti wachoka. Chachiwiri ndi nambala ya foni. Masiku ano nambala ndiyo khomo la geni, chifukwa ndi imene makasitomala amaimba ndi kutumizirako ndalama. Koma chiyambire kalembera wa manambala mu 2018, nambala iliyonse ili m'dzina la munthu ndi chiphaso chake. Kungopatsana simukadi pamanja n'kudziitanira mavuto mbali zonse: ndalama za wogula zili m'dzina la wina, ndipo chilichonse choipa chochitika pa nambalayo chidzafunsidwa kwa mwini wakale. Pitani nonse awiri ku ofesi ya kampani ya foni ndi ziphaso zanu mukafunse za kusintha umwini. Zikakanika, wogulitsa asunge nambala yake ndipo alonjeze kuti aliyense woimba kufuna katundu azimupatsa nambala ya wogula.

Tsopano lonjezo lochoka panjira. Apa ndi pamene maubale ambiri amathera. Mayi wagulitsa geni, walandira ndalama, miyendo yapeza bwino pakatha miyezi isanu, ndalama ija yatha, ndipo Wapachigayo waimba kudandaula kuti achemwali anu aja katundu wawo ngwamng'ono. Mtima umati ndingomupatsirako matumba awiri okha. Matumba awiri amabala khumi, ndipo wogula uja amadzidzimuka atatsala ndi sikelo yokha. Kumeneku ndi kugulitsa mbuzi n'kukaimasula usiku. Monga taonera, makhoti amaletsa wogulitsa kunyengerera makasitomala amene anawapereka, koma samuletsa kuchita geni yofananayo ngati sanalonjeze. Wogula akafuna chitetezo choposa apa, achite kulembetsa, ndipo chikhale cha muyeso: dera lakutilakuti, kwa nthawi yakutiyakuti. Kunena kuti mayi asagulitse mbatatesi kwa achipisi a dera limenelo la Lilongwe kwa zaka ziwiri n'zomveka. Kunena kuti asadzagwirenso mbatatesi moyo wake wonse kulikonse m'Malawi n'kumulanda khasu, ndipo khoti silimakonda pangano lomanga munthu mopitirira chimene wogula akufunika kuteteza.

Zonsezi zilembedwe. Sipafunika Chingerezi kapena mawu akuluakulu. Pepala limodzi la Chichewa likwanira: ndani akugulitsa, ndani akugula, katundu wogwirika ndi uti, makasitomala ndi alimi ndi ati, mtengo ndi kalipiridwe kake, maulendo oyenda limodzi ndi angati, ngongole zili kwa yani, ndipo wogulitsa walonjeza kupewa chiyani mpaka liti. Asaine onse awiri pamaso pa mboni, monga wapampando wa msika kapena a mfumu, ndipo aliyense asunge pepala lake. Ndalama ikakhala yambiri, kulipira loya kuti aliwerenge si kutaya ndalama. Ngati geniyo inalembetsedwa ku boma ndi dzina lake, kusintha kwa mwini kukalembetsedwenso komweko.

Ndikudziwa chimene ena anena, makamaka kwathu kuno kumene geni imayenda m'magazi: nanga mwana wa mchemwali wanga ndimulembetse pepala ngati mlendo? Kusiyira mbale geni n'chinthu chokoma, ndipo amene akufuna kupereka ulere apereke ndi mtima woyera. Koma apereke akudziwa kukula kwa chimene wapereka, ndipo wolandirayo adziwenso. Mayi amene wamanga geni zaka 15 alibe penshoni ina. Ngati mphwake alowa pamalopo n'kuyamba kudya phindu kuyambira sabata yoyamba, si nkhanza kugwirizana kuti pa thumba lililonse kachigawo kakutikakuti kazipita kwa mayiyo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Milandu yambiri imene imafika pabwalo la a mfumu ndi ya pachibale, ndipo gwero lake ndi mawu amene wina anawamva mwina, mnzake mwina. Ine ndimaona kuti pepala limateteza chibale kuposa mmene manyazi amachitetezera.

Wogula naye adziyese yekha asanatulutse ndalama. Makasitomala ogula sakhala ndi munthu amene sangadzuke usiku, amene mvula ikagwa amati ndipita mawa. Azakhali anga ankafika ngakhale lole itafera pa Linthipe. Ankasamutsa matumba pa galimoto ina, kuluza phindu la tsikulo, kuti Wapadepoti asazimitse moto. Anthu aja ankawadikira chifukwa cha masiku ngati amenewo, ndipo amene sangathe kuchita chimodzimodzi adzataya m'mwezi umodzi zimene walipira ndi phindu la miyezi itatu.

Inu amene muli ndi anthu okudikirani, kaya ndi a mbatatesi, a mandasi, a mkaka kapena a kabaza, gulani kope lero. Lembani tsiku, dzina, katundu, ndalama yolowa ndi yotuluka, ndipo likadzaza musalipereke kwa ana kuti akolezere moto. Tsiku limene miyendo idzakane, kapena mwayi wina udzakuitanani kutali, mudzakhala ndi choonetsa wogula, ndipo musadzachite manyazi kutchula mtengo wake.